NGALAWA ZIKWERA PHIRI KU ENGLAND

Inu awerengi, kodi munamvapo kuti ngalawa ikwera phiri? Musaseke. Ku England, pafupi ndi mzinda wa Devizes, pali phiri lochedwa Caen Hill pamene ngalawa zikwera ndi kutsika, ndipo Boma lakwaoko lisunga malowo ndi lamulo.

Kalekale anthu a kumeneko anakumba ngalande yaikuru, dzina lake Kennet and Avon, kuti muziyenda ngalawa za makala ndi miyala zokokedwa ndi akavalo. Pofika paphiripo, mmisiri John Rennie anamanga zipinda za madzi 29 zotsatana ngati makwerero, ndipo nchito inatha mu 1810. Cipinda ciri conse ciri ndi zitseko kumunsi ndi kumtunda. Ngalawa ikalowa atseka kumbuyo kwake, natsegulira madzi a kumtunda. Madzi akamadzaza ngalawa ikwera nao, nilowa m'cipinda cotsatira. Motero ikwera mapazi 237 pa mtunda wa mailosi 2, ndipo ulendowo udya maola 5 kapena 6. Woyenda pansi ayamba ndiye kufika, koma iye sangasenze makala odzaza ngalawa.

Njanji itafika, katundu anathawira kusitima. Zitseko zinaola, m'zipinda munadzaza matope, ndipo m'zaka za 1950 akuluakulu anafuna kuitsekeratu ngalandeyo. Eni dera anakana. Anthu zikwizikwi analemba maina ao pa kalata yodandaula kwa Mfumukazi, ndipo mu 1962 anapanga bungwe loikonzanso. Ambiri anafukula matopewo popanda malipiro. Mu 1990 Mfumukazi Elizabeth II anaitsegulanso.

Lamulo lisunganso maulalo ang'ono a pa ngalande. Pa ngalande yina, ya Stratford-upon-Avon, alipo maulalo acitsulo okhala ndi kampata pakati, kuti cingwe ca kavalo cipyolepo osacimasula. Akavalo analeka kale nchitoyo, koma munthu akagumula kapena kusintha ulalo wolembedwa m'buku la Boma popanda cilolezo, aimbidwa mlandu.

Cobvuta ndi ici, kuti mtengo wokhala m'madzi uola ndithu. Zitseko za mtengo wa oak zikhala zaka monga 25, ndipo zifunika zina. Kuyambira 2012 nchitoyi iri m'manja mwa bungwe la Canal & River Trust, ndipo amisiri ake asema citseko ciri conse pa muyeso wakewake, pakuti zipindazo sizilingana.