Khansa ya Burkitt: Nthenda ya Ana Yofunika Kuizindikira Msanga

CHITUNGWIZA, Zimbabwe — Mwana akatupa tsaya, mano n'kuyamba kugwedera, makolo ambiri amaganiza kuti ladwala ndi dzino. Akatupa mimba, amati ndi njoka zam'mimba. Koma nthawi zina zizindikirozi zimakhala za khansa ya Burkitt, yomwe imagwira maselo oteteza thupi ku matenda. Khansayi imakula mofulumira kwambiri, moti maselo ake amatha kuwirikiza m'maola 24 mpaka 48.

Nthendayi idatchedwa dzina la dokotala Denis Burkitt, amene adaifotokoza mu 1958 akugwira ntchito ku Kampala m'dziko la Uganda. Mu 1964 akatswiri adapeza kachilombo ka Epstein-Barr m'maselo a zotupazi. Kafukufuku adaonetsanso kuti ana odwala malungo pafupipafupi ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. N'chifukwa chake ku Malawi khansayi ili m'gulu la khansa zofala kwambiri pakati pa ana.

Mzinda wa Chitungwiza uli pamalo okwera pomwe malungo safala, choncho nthendayi sionekaoneka. Vuto lagona pomwepo: zizindikiro zake zimafanana ndi za chifuwa chachikulu kapena mafinya a m'nkhama, ndipo nthawi ingathe mwana akumwa mankhwala a matenda ena. Ana ndi achinyamata amene ali ndi kachilombo ka HIV angathenso kudwala khansayi ngakhale kumalo kopanda malungo.

Mwana woganiziridwa kuti ali ndi khansa amatumizidwa ku chipatala cha Parirenyatwa ku Harare, komwe kuli gawo lothandiza ana odwala khansa. Madokotala amaunika m'mimba ndi makina, kenaka amatapa maselo a chotupacho ndi singano kapena kudulako kanyama kuti akayeze pa maikulosikopu. Amayezanso mafuta a m'mafupa ndi madzi a m'msana pofuna kudziwa pomwe nthendayo yafika.

Khansayi imamva mankhwala, ndipo ana ambiri amachira akayamba kulandira chithandizo isanafalikire. Mu 2018 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidakhazikitsa ndondomeko yoti pofika 2030, ana 60 mwa 100 alionse odwala khansa azichira, ndipo khansa ya Burkitt ndi imodzi mwa mitundu isanu ndi umodzi yomwe idaikidwa patsogolo.

Chotupa chikamakula m'masiku owerengeka, ngakhale chisakupweteka, mwanayo abwerere naye kuchipatala osadikira kuti amalize mankhwala amene adalandira poyamba.