Tchuthi cha banja ku Mangochi: nyanja imakoma kunja kwa mpanda wa hotela

Dzuwa lisanatuluke, gombe la Chembe ku Cape Maclear limakhala litadzuka kale. Mabwato omwe achezera panyanja ndi nyali, kukopa usipa kuti ulowe m'chilimira, amafika limodzilimodzi. Amayi a mabeseni amawachingamira m'madzi olekeza m'mawondo, kunenerera kumayambira pomwepo, ndipo posakhalitsa mathandala amakhala atayera mbuu ndi usipa woyanika. Mwana wa m'tauni, amene usipa amangoudziwira pamulu ku Ndirande kapena ku Kawale, amangoti kukamwa yasa.

Zonsezi n'zaulere, koma mabanja ambiri opita kunyanja sazionako. Amatsikira pahotela, kusambira, kudya, kujambulitsa, basi ulendo wobwerera. Ena sapita n'komwe, ati nyanja ndi ya azungu ndi a mawekishopu. Chonsecho mtunda wochoka pa boma la Mangochi kukafika ku Cape Maclear, wosakwana makilomita 100, uli ndi zokwanira kudzaza tchuthi chonse thumba osabooka, bola banja lilole kutuluka kunja kwa mpanda.

Yambirani pa boma

Tauni ya Mangochi idayamba mu 1891 ndi dzina la Fort Johnston, linga la atsamunda lotchingira njira ya ogulitsa akapolo pa mtsinje wa Shire. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ya mu 1903, yokumbukira Mfumukazi Victoria. Ana sachedwa nayo nsanjayo, amathamangira mfuti yomwe ili pambali pake. Idachokera pa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idawombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Liuli kutsidya la Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe adamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. Wofuna zambiri alowe mu Lake Malawi Museum, kamtunda koyenda pansi.

Mukachoka apo lowani mumsika. Mpunga, malambe, utaka wouma, usipa wofutsa ndi kampango wowamba zimakhala mbwee, ndipo pamsewu wa ku Monkey Bay mumapeza zipewa, madengu ndi mikeka ya mlaza. Mupatseni mwana kandalama m'manja agule yekha malambe, anenerere, apemphe banyira. Kumbukirani kuti dera lino anthu ambiri ndi Asilamu: Lachisanu masana mashopu ena amayamba atseka kuti eni ake akapemphere, ndipo zovala zosambira nazo zithere kugombe, mumsika muzimangira chitenje.

Pa nkhani ya ndiwo

Aliyense wobwera kunyanja amafuna chambo, ndipo ogulitsa amadziwa zimenezo. Si nsomba iliyonse yotchedwa chambo m'mbale imene ilidi chambo, choncho pemphani kuiona isanapite pamoto. Yatsopano imakhala ya maso owala, ndipo mukaidina ndi chala mnofu umabwerera. M'malo ambiri odyera a m'mphepete mwa nyanja chakudya amaphika mukaitanitsa, moti banja la ana aang'ono liitanitsiretu lisanakasambire, apo ayi kulira kuyamba mbale zisanafike. Kwa ana, kampango ndiye wabwino chifukwa ndi wa mnofu wambiri, minga yochepa. Mcheni wowotcha pamakala, nsima ndi tomato wa tsabola pang'ono ndi chakudya cha akulu chosafuna ndalama zambiri.

Pali chinthu chimodzi chomwe alendo a Khirisimasi ayenera kudziwa. Kumapeto kwa chaka chambo chimakhala chikuswana, ndipo n'chifukwa chake nthambi ya za nsomba imaletsa makoka ena nyengo imeneyi. Chambo chachikazi chimafungatira mazira ndi tiana m'kamwa, moti chikakodwa, mbewu yonse yapita. Wina akakuitanirani kuseri ndi tichambo ting'onoting'ono totsika mtengo, dziwani kuti mukugula ndiwo za chaka chamawa. Kukana pamaso pa ana, n'kuwauza chifukwa chake, ndi phunziro lomwe sangaliiwale.

Sukulu ya pansi pa madzi

Ku Monkey Bay n'kwawo kwa Ilala, sitima yomwe idapangidwa ku Scotland ndipo yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Mukaipeza ili padoko, ana aione. Kuchokera apo msewu umakhotakhota m'mapiri, anyani ali m'mbali, mpaka kutsikira ku Cape Maclear, dzina lomwe David Livingstone adapereka polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi. Kuno n'komwe mishoni ya Livingstonia idayambira mu 1875, isanasamukire ku Bandawe mu 1881 malungo atavuta. Manda a amishoni oyambawo alipobe m'tsinde mwa phiri.

Koma chokoka anthu chili m'madzi. Lake Malawi National Park idakhazikitsidwa mu 1980 pofuna kuteteza nsomba, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO lidaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Palibe nyanja ina yokhala ndi mitundu ya nsomba yochuluka ngati yathuyi. Pa Otter Point kapena pa chilumba cha Thumbi, mwana akavala magalasi oonera pansi n'kuviika nkhope, amakumana maso ndi maso ndi mbuna: zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zikubudula ndere pamiyala osamuopa. Pobwerera woyendetsa boti amaimba likhweru, n'kuponya nsomba m'madzi. Nkhwazi imachoka mumtengo, kutsika mwaliwiro, n'kuinyamula ndi zikhadabo anthu akuonerera. Mtengo wolowera m'paki ndi wotsika kwa Amalawi, choncho musaiwale chitupa cha unzika. Mabanja awiri akasonkherana boti limodzi, ulendo umapepuka.

Nyanja siseweretsedwa

Musanakwere boti werengani majekete oyandamitsa, ndipo ngati a ana palibe, tsikani. Pafupi ndi Shire ndi m'malo a bango muli ng'ona ndi mvuu. Funsani eni dera posambira, ndipo pewani kulowa m'madzi kukada. Nkhono zofalitsa likodzo zimapezeka m'madera ena a gombeli, makamaka pomwe anthu amachapa ndi kusamba. Mukabwerera kwanu kaonaneni ndi achipatala, awuzeni kuti mudasambira m'nyanja, ndipo adzakuuzani nthawi yoyezetsa kapena kumwa mankhwala. Neti ya udzudzu isasiyidwe.

Nyengo nayo imasankha. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mafunde amakula masana, choncho maulendo a boti achitike m'mamawa. Seputembala ndi Okutobala madzi amakhala bata koma dzuwa limaswa mtengo. Disembala kumadzaza anthu ndipo mitengo ya malo ogona imakwera. Amene tchuthi chawo chimadalira kalendala ya sukulu ayang'ane cha Pasaka: mvula imakhala ikutha, mapiri ali obiriwira, ndipo chambo cha pamsika mumagula opanda chikumbumtima chokutsutsani.