Madzi Amauma, Mchere Umatsala

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Neno, makamaka kumunsi monga ku Lisungwi ndi ku Matope, madzi m'madamu athu a nsomba amachepa msanga. Ambiri timangothira madzi alionse amene tawapeza pafupi. Apa ndi pamene pagona vuto.

Tiyeni tiphunzire kwa anthu a kunja amene amaweta nsomba za m'nyanja ya mchere m'mathanki agalasi. Iwo amayamba asefa madzi ndi makina otchedwa reverse osmosis. Makinawa amakankha madzi mwamphamvu pa kansalu ka timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo mchere ndi zinyalala zimatsalira. Akatero amasungunulamo mchere wa m'nyanja, pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi. Koma madzi akachepa m'thankimo, amaonjezera madzi osefa okhaokha, opanda mchere. Chifukwa chake n'chakuti dzuwa limamwa madzi okha, mchere umatsala, monga umatsalira pansi pa mphika ndiwo zikapserera.

N'chimodzimodzinso ndi damu. Tikamalidzaza ndi madzi a pa mjigo olawa mchere, sabata iliyonse mcherewo umaonjezereka. Ukachulukitsa, makumba ndi chilunguni sizidya bwino, sizikula, ndipo pokolola timapeza tinsomba tosagulitsika.

Ife sitifunika makina odulawo. Tingotsata izi:

1. Tilawe madzi tisanawalowetse m'damu. Ngati akumveka mchere, titunge a mumtsinje monga Shire, Lisungwi kapena Mkulumadzi.

2. Tisatunge kumunsi kwa malo ochapirako zovala kapena otsukirako mipope yopopera mankhwala a thonje ndi ndiwo zamasamba.

3. Madzi othiridwa klorini, monga a pa mpopi, amapsereza makha a nsomba. Tiwasiye pamtetete tsiku lathunthu tisanaikemo mbewu ya nsomba.

4. Tizike ndodo m'damu n'kuilemba chizindikiro. Kumbali yakuya madzi asachepere mita imodzi, chifukwa madzi osaya amatentha msanga ndipo mpweya umachepamo.

5. Tionjezere madzi pang'onopang'ono, m'mawa kapena madzulo, ndipo pakamwa pa paipi timangepo sefa kuti milamba ndi nsomba zina zisalowe.

Tikupempha makomiti a pa doko kuti akambirane mfundozi pa msonkhano wawo dzuwa lisanafike poipa. Amene akukayika madzi a pa malo ake aonane ndi mlangizi wa za nsomba asanathire m'damu.