Nyambo ya pa Diwa Imakhala Chakudya Chenicheni

Mwana akamatchera diwa kumunda saika mwala wopaka utoto kuti uoneke ngati mtedza. Amaika mtedza weniweni, mwina wokazinga kumene kuti fungo lifike kuuna. Mbewa ikanunkhiza sinanamizidwe ndi mphuno yake ayi, chakudyacho n'chabwinobwino. Chomwe sinaone ndi mwala wafulati uli pamwamba, wotsamira pa kamtengo kamodzi.

Chinyengo chimene Baibulo limachidzudzula kwambiri chimagwira ntchito motero. Ambiri timayesa wachiphamaso tingamugwire ndi mawu ake, kuti pena pake anena zosemphana ndi Malemba. Kawirikawiri sanena. Mawu ake amakhala oona, pemphero lake lomveka, ndipo n'chifukwa chake anthu amayandikira.

Taonani za Naboti wa ku Yezreeli pa 1 Mafumu 21. Mfumu Ahabu inkafuna munda wake wa mphesa kuti ilimepo ndiwo zamasamba, Naboti n'kukana poti chinali cholowa cha makolo. Yezebeli, mkazi wa Ahabu, sanatume asilikali usiku. Analemba makalata m'dzina la mwamuna wake, kulamula akuluakulu a mzinda kuti alengeze tsiku losala kudya ndi kukhazika Naboti pamalo oonekera. Kusala kwa mzinda wonse kunkatanthauza kuti pali tchimo lofunika kulifufuza, choncho anthu anasonkhana ali ndi mantha a Mulungu, okonzeka kumva dzina la wochimwayo. Akuluakuluwo anapeza amuna awiri oti aname kuti Naboti watukwana Mulungu ndi mfumu. Chifukwa chiyani awiri? Lamulo la Mose, pa Deuteronomo 17, silinkalola munthu kuphedwa ndi mboni imodzi. Mayi wopembedza Baala uja analitsata lamulo la Yehova bwino lomwe, mpaka Naboti anaponyedwa miyala. Amene anasala tsikulo anamva njala yeniyeni, ena mwina ndi mtima woona, osadziwa kuti iwo ndiwo mwala wogwerawo.

Yudasi naye ku Betaniya anayankhula zomveka. Mariya atadzoza Yesu mafuta a nardo, iye anadandaula kuti akanagulitsidwa madinari 300, ndalama zikanathandiza osauka. Dinari imodzi inali malipiro a waganyu tsiku lathunthu, ndiye apa tikunena za thukuta la pafupifupi chaka. Kunena zoona, mawu amenewo atanenedwa lero pamsonkhano wa akulu ampingo ambiri tingavomereze ndi mutu. Yohane 12 ndiye amaulula kuti Yudasi ankasunga thumba la ndalama ndipo ankabamo. Herode uja anati akufuna kukalambira khanda la ku Betelehemu, Abisalomu anati akupita ku Hebroni kukakwaniritsa chowinda chake kwa Yehova, koma onsewa mumtima munali lupanga.

Tisasokoneze izi ndi kufooka. Petro anasiya kudya ndi anthu amitundu ina ku Antiokeya poopa alendo ochokera kwa Yakobo, ndipo Paulo anamudzudzula pamaso pa onse, monga akufotokozera pa Agalatiya 2. Chinali chinyengo ndithu, koma cha munthu wamantha, panalibe yemwe ankamutchera. Ine ndimaona kuti mipingo yathu imafulumira kudula mtsikana amene watenga pathupi, tchimo loonekera pamimba, pamene mkulu wodziwa kutchera amakhalabe pampando wakutsogolo zaka ndi zaka.

Pa Marko 12 Yesu anatchula alembi amene ankadyera akazi amasiye chuma chawo, uku akupemphera mapemphero ataliatali, ndipo anati chilango chawo chidzaposa cha ena. Khalidweli silinathere ku Yerusalemu. Pamaliro pamapezeka bambo amene amachezera usiku wonse pasiwa, kutsogolera nyimbo, kupemphera mpaka mawu kusasa. Pakangotha sabata chiikireni maliro, yemweyo amabwera kwa namfedwa Baibulo lili m'khwapa, n'kufunsa mofatsa kuti mapepala a puloti malemu anawasiya pati.