Mmene dandaulo la mayi wa kumudzi limafikira ku London

Mu Juni 2000, Tony Blair, amene panthawiyo anali nduna yaikulu ya dziko la Britain, anapita ku Wembley kukayankhula pamsonkhano waukulu wa amayi a bungwe la Women's Institute, limene eniake amangolitchula kuti WI. Mwina ankayesa kuti akukacheza ndi azigogo odziwa kuphika jamu ndi kuluka majuzi basi. Atayamba kuyamikira ntchito za boma lake ngati ali pamsonkhano wachipani, amayiwo anayamba kung'ung'udza, kenako n'kumawomba m'manja mwapang'onopang'ono, kuwomba kumene kwawoko kumatanthauza kuti zakwana, khalani pansi. Nkhaniyo inadzaza m'nyuzipepala. Chimene chinawapsetsa mtima amayi aja chinali lamulo lawo lakalekale: pakhomo pa WI salowetsapo ndale zachipani, ngakhale wobwera nazo akhale mtsogoleri wa dziko.

Kalabu imeneyi siinabadwire ku Britain. Inabadwira ku Canada, m'dera la alimi la Stoney Creek, m'chigawo cha Ontario. Kumeneko abambo anali kale ndi bungwe lawo lotchedwa Farmers' Institute, kumene ankaphunzira za mbewu, nthaka ndi ziweto. Mlimi wina, Erland Lee, anaitana Adelaide Hoodless kuti adzayankhule tsiku limene abambowo anabwera ndi akazi awo. Mayi ameneyu anali atataya mwana wamwamuna wa miyezi 14 mu 1889, ndipo ankakhulupirira kuti chinamupha chinali mkaka woipa. Mfundo yake inali yosavuta kumva: ngati pali malo ophunzirira kulera ng'ombe, bwanji palibe malo ophunzirira kulera ana ndi kusamala chakudya cha pakhomo? Patangotha sabata, pa 19 Febuluwale 1897, amayi 101 anasonkhana n'kuyambitsa kalabu yawo. Malamulo ake analembedwa ndi dzanja la Janet Lee, mkazi wa Erland, patebulo lodyera la kunyumba kwawo.

Ku Britain nkhondo ndiyo inatsegula khomo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse dzikolo linkadalira chakudya chobwera pa sitima zapamadzi, ndipo amuna ambiri a m'midzi anali kunkhondo. Madge Watt, mayi wochokera ku Canada amene ankazidziwa bwino kalabuzi, anapatsidwa ntchito yoziyambitsa, ndipo yoyamba inakumana pa 16 Seputembala 1915 m'mudzi wa Llanfairpwll pachilumba cha Anglesey ku Wales. Pofika 1917 zinalipo 137. Chaka chimenecho Unduna wa Zaulimi unatenga ntchito yotsegula kalabu zatsopano, koma amayiwo anachenjera. Anakhazikitsa chitaganya chawo cha dziko lonse, n'kusankha Lady Denman kukhala wapampando, kuti boma lithandize ndi ndalama koma lisakhale mwini bungwe. Mu 1919 undunawo unatula zonse m'manja mwawo. Mabungwe ambiri obadwira m'manja mwa boma amafa tsiku limene boma lasiya kuwadyetsa. Ili linapulumuka chifukwa linali litaphunzira kale kudziyendetsa.

Nanga limayenda bwanji? Lili ndi magawo atatu. Pansi penipeni pali kalabu ya m'mudzi kapena ya m'dera, imene ndi bungwe lachifundo palokha, lokhala ndi malamulo ake ndi buku lake la ndalama. Pamwamba pake pali chitaganya cha m'chigawo. Zoterezi zilipo 69 ku England, Wales ndi zilumba za Jersey, Guernsey ndi Isle of Man. Pamwamba penipeni pali chitaganya cha dziko lonse, chimene likulu lake lili ku London. Scotland ndi Northern Ireland ali ndi mabungwe awoawo. Mayi aliyense wa zaka 18 kapena kuposera apo akhoza kulowa, ndipo amalipira ndalama ya umembala kamodzi pachaka, imene imagawidwa patatu: ina imatsala pakalabu, ina imapita kuchigawo, ina kulikulu. Chimenechi n'chofunika kuchigwira bwino, chifukwa ndalama imachokera pansi kukwera m'mwamba. Likulu limadya za mamembala, choncho liyenera kuwamvera.

Kalabu imakumana pafupifupi mwezi uliwonse, kawirikawiri muholo ya m'mudzi. Amayamba ndi nkhani za bungwe: mlembi amapereka zimene zinakambidwa ulendo watha, makalata amawerengedwa, msungichuma amanena za ndalama. Kenako pamakhala mlendo wodzaphunzitsa kanthu, kaya za umoyo, za njuchi, za malamulo kapena za luso lamanja. Ukatha umenewo ndi tiyi ndi macheza. Kamodzi pachaka amasankha komiti, ndipo wapampando amasankhidwa ndi mamembala onse pa voti yachinsinsi.

Voti yachinsinsiyi m'masiku oyambirira inali nkhani yaikulu. M'mudzi wa ku England wa nthawi imeneyo, mkazi wa mwini munda, mkazi wa m'busa ndi mkazi wa wantchito wa pamunda sankakhala pabenchi imodzi. Nyumba imene wantchito ankagonamo inali ya bwana wake. Ndani akanakweza dzanja poyera kutsutsa mkazi wa bwanayo? Mu WI onse ankalipira mofanana, mashiling'i awiri pachaka, ndipo aliyense anali ndi voti imodzi yolemba pakapepala. Zoona, m'midzi yambiri mayi wolemera ndiye ankapambanabe, poti ulemu wozolowera suchoka tsiku limodzi. Koma ankapambana atasankhidwa, ndipo chaka chamawa akanatha kuchotsedwa popanda wodziwa amene wamuchotsa. Kumbukirani kuti kalabu zoyamba zinatsegulidwa akazi a ku Britain asanaloledwe kuvotera aphungu a Nyumba ya Malamulo: ena mwa a zaka zoposa 30 analoledwa mu 1918, ndipo onse anafanana ndi amuna mu 1928. Amayi ochuluka akumudzi anaphunzirira muno kuima n'kuyankhula pagulu, kutsogolera zokambirana, kulemba zimene msonkhano wagwirizana ndi kufunsa msungichuma kumene ndalama yapita. Lamulo loletsa ndale zachipani ndi kukondera mpingo linali lotetezera zimenezi, kuti wa tchalitchi ichi ndi wa tchalitchi icho, wa chipani ichi ndi wa chipani icho, athe kukhala m'chipinda chimodzi n'kukambirana za chitsime.

Kukana chipani si kukana nkhani za dziko, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya bungweli. Membala aliyense amene waona vuto akhoza kulilemba ngati mfundo yofuna kuti boma kapena anthu achitepo kanthu. Kalabu yake ikaivomereza, mfundoyo imatumizidwa kulikulu chakumapeto kwa chaka, itafufuzidwa bwino ndiponso ili ndi umboni. Nthumwi za m'zigawo zimakhala pansi n'kupeta mfundo zonse zimene zabwera mpaka patsale zochepa. Zotsalazo zimabwerera kwa mamembala onse, ndipo aliyense amasankha imene akuiona yofunika koposa. Imene yapambana, nthawi zina ziwiri, imakambidwanso m'kalabu iliyonse cha mu Meyi, ndipo kalabu imagwirizana ngati ikuivomereza kapena ayi. Pamsonkhano waukulu wapachaka, umene kawirikawiri umachitika mu Juni, amene anabweretsa mfundo uja amaima kutsogolo kwa amayi zikwi zingapo n'kuifotokoza. Pamayankhulanso katswiri woikira kumbuyo ndi katswiri woitsutsa. Kenako nthumwi zimavota, iliyonse itanyamula mavoti a kalabu zingapo zoyandikana. Kalabu ikhoza kuuza nthumwi yake kuti imve kaye mbali zonse n'kuvota mmene yaonera, kapena kuimanga kuti isasinthe ngakhale akatswiri atayankhula mokoma chotani. Kuti mfundo idutse pamafunika magawo awiri mwa atatu a mavoti. Ikadutsa, imakhala ntchito ya bungwe lonse: likulu limalembera nduna, ndipo kalabu iliyonse imagogoda pakhomo pa phungu wa dera lake.

Njira imeneyi ndi yaitali, imatha pafupifupi chaka, ndipo ena amaidandaula kuti imachedwetsa zinthu. Ine ndimaona kuti kuchedwako n'kumene kumaipatsa kulemera. Nduna ikalandira kalata ya WI imadziwa kuti si maganizo a anthu asanu a mu ofesi, koma nkhani imene yakambidwa m'maholo zikwizikwi ndi anthu amene amavota pa chisankho.

Mfundo yoyamba, ya mu 1918, inali yopempha nyumba zokwanira ndi zaukhondo m'midzi. M'zaka zotsatira anakakamira za madzi a m'mipope ndi zimbudzi, mpaka anachita kafukufuku wawo mudzi ndi mudzi, poti amene ankatunga madziwo anali iwo. Mu 1943 anavomereza mfundo yakuti mwamuna ndi mkazi ogwira ntchito yofanana azilandira malipiro ofanana. Lamulo la zimenezi linadzabwera mu 1970, ndipo si iwo okha amene analimenyera. Mfundo ya mu 1954 yodana ndi kutaya zinyalala paliponse inabala gulu la Keep Britain Tidy, ndipo lamulo loletsa kutaya zinyalala linatsatira mu 1958. Mu 1986, anthu ambiri akuchitabe manyazi kutchula matenda a Edzi, amayi ophika jamu aja anapempha boma kuti liuze anthu zoona zake za matendawo. Mu 2009 anatembenukira kwa njuchi zimene zinkatha, n'kupempha ndalama zofufuzira chimene chikuzipha.

Nkhani ya jamuyo ili ndi gwero lake. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse bungweli linakana kugwira ntchito zothandiza kumenyana kwenikweniko, polemekeza mamembala ena amene chikhulupiriro chawo chimaletsa nkhondo. Linasankha chakudya. Mu 1940 boma linapereka mapaundi 1,400 ogulira shuga, ndipo amayi anatsegula malo ophikira m'maholo, m'makhitchini ndi m'mashedi kuti zipatso zisawolere pansi. Pofika 1945 anali atasunga zipatso zoposa matani 5,300 m'mabotolo ndi m'zitini. Sankalipidwa, ndipo jamuyo sankapita naye kwawo; ankalowa m'chakudya chimene boma linkagawira anthu onse mwamuyezo. Panalinso misika yawo, imene woyamba unatsegulidwa ku Lewes mu 1919, kumene anthu ankagulitsa mazira, ndiwo zamasamba ndi makeke otsala pakhomo. Misikayi pambuyo pake inapatuka n'kuima payokha, chifukwa bungwe lachifundo sililoledwa kuchita malonda opindulitsa mamembala ake.

Ganizoli linayenda m'maiko ambiri, ndipo mu 1933 ku Stockholm mabungwe a amayi akumudzi anapanga mgwirizano wa dziko lonse lapansi wotchedwa Associated Country Women of the World, Madge Watt uja n'kukhala mtsogoleri wake woyamba. Koma sikonse kumene linafika ndi kufanana kuja. Ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe, kalabuzi zinayamba m'ma 1920 zili za azimayi achizungu, ndipo amayi akuda anadzawakonzera kalabu zapadera zophunzitsa kusoka, kuphika ndi ukhondo. Maphunzirowo anafika, koma mphamvu yolamula boma kumva inatsalira kwa aphunzitsiwo.

Kwawo ku Britain bungweli linakula kwambiri m'ma 1950, pamene mamembala anayandikira theka la miliyoni. Mfumukazi Elizabeth II inali membala wa kalabu ya ku Sandringham kuyambira 1943. Kuchokera m'ma 1950 chiwerengero cha mamembala chatsika mpaka chosafika 200,000, chifukwa amayi ambiri anayamba ntchito zolembedwa ndipo midzi inasintha. Lamulo lakuti kalabu zizitsegulidwa m'midzi yokha linachotsedwa mu 1965, choncho lero zilipo m'mizinda, zina zimakumana madzulo anthu ataweruka, zina pa intaneti, zina mpaka m'ndende za amayi. Sukulu yawo yogonera komweko ya Denman, imene inatsegulidwa mu 1948, inatsekedwa mu 2020 chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Kalabu imene yasowa munthu wofuna kukhala wapampando, mlembi kapena msungichuma imaimitsidwa, ndipo zambiri zimene zatha m'zaka zapitazi zathera pamenepo, mamembala alipo koma wonyamula buku la ndalama palibe.