Kodi mumadziwa kuti gogodera inkaposa mfuti zodula?

Gogodera, mfuti zotchipa zothira onga kukamwa, zomwe amalonda achiyao ankabwera nazo kunyanja kuno m'zaka za m'ma 1800, zinkakhalitsa.

Zambiri zinkapangidwa mwachangu ku Birmingham ndi ku Liège, n'kudzera ku Kilwa kapena ku Quelimane posinthana ndi minyanga ya njovu, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti ankasinthanitsanso ndi anthu.

Ubwino wake unali pa kusavuta. Ikathyoka, wosula makasu wa m'mudzi ankaikonza. Zipolopolo zikasowa, mlenje ankaikamo tizidutswa tachitsulo, pomwe mfuti yamakono inkangokhala chitsulo chabe zipolopolo zake zikatha.

Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, koma linalola zachikalezi pamodzi ndi onga wake m'madera ena. Motero alenje anapitiriza kudalira gogodera.

Lero kusunga gogodera popanda chiphaso cha apolisi ndi mlandu.