Mankhwala Ovulaza Odwala Ogonekedwa M'chipatala

Wodwala wogonekedwa m'chipatala amalandira mankhwala angapo nthawi imodzi: akumwa, a jakisoni ndi odzera mu dripi. Ena mwa mankhwalawa amamuvulaza ngakhale dokotala atalemba molondola, namwino n'kupereka mlingo woyenera. Kafukufuku wa ku Liverpool, m'dziko la Britain, wofalitsidwa mu 2009, anapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa 7 alionse anakumana ndi vuto lotere ali m'wodi momwemo, ndipo theka la mavutowo linali lotheka kupewa. Okalamba, odwala impso ndi amene akumwa mankhwala ambiri ndiwo amavutika kwambiri.

Chovuta n'chakuti vuto la mankhwala limafanana ndi matenda. Jakisoni wa gentamicin amapha tizilombo toopsa, koma amatha kuwononga impso ndi makutu. Mkodzo ukayamba kuchepa, kapena wodwala akamati m'makutu mukulira, achibale amangoti matenda akula.

Limodzi mwa mavuto oopsa kwambiri ndi nthenda ya Stevens-Johnson, imene madokotala awiri a ku America anaifotokoza mu 1922. Imatha kubwera ndi Bactrim, nevirapine kapena ena mwa mankhwala a khunyu, makamaka m'masabata oyambirira, ndipo imagwira kwambiri anthu amene ali ndi HIV. Imayamba ngati chimfine: thupi kutentha, pakhosi kuwawa, maso kufiira. Kenako pamatuluka zidzolo ndi matuza, milomo n'kuchita zilonda mpaka munthu kulephera kumeza ngakhale phala, khungu n'kumasupuka ngati wapsa ndi moto. Apa mankhwalawo amayenera kuimitsidwa msanga, wodwala n'kusamalidwa ngati wopsa. M'zipatala za ku Malawi, kumene namwino mmodzi amayang'anira odwala ambiri, gadiyani wogona pambali pa bedi ndiye amayamba kuona zidzolozo, choncho mawu ake ndi osayenera kuwanyozera. Dzina la mankhwalawo limalembedwa m'kabuku ka kuchipatala kuti wodwalayo asadzapatsidwenso.

Kulondoloza mavutowa padziko lonse kunakhazikika pambuyo pa thalidomide, mankhwala amene anachititsa kuti ana masauzande abadwe opunduka manja ndi miyendo mpaka anachotsedwa pamsika mu 1961. Mu 1968 bungwe la WHO linayambitsa ndondomeko yosonkhanitsa malipoti, ndipo lero amasungidwa ku Uppsala, m'dziko la Sweden. Ku Malawi, malipoti a ogwira ntchito zachipatala amapita ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.